Wakuba amaona chiyani akamadutsa pakhomo panu?

Munthu akaberedwa, funso loyamba limene limabwera m'mutu ndi lakuti, "Ndani ameneyu?" Amayamba kuwerenga nkhope imodziimodzi: mnyamata amene anadzakonza mpopi mwezi watha, mlonda wa kwa neba, mphwake uja amene sakhalitsa pantchito. Funsoli ndi lomveka, koma nthawi zambiri limathera m'malere, ndipo likapeza yankho limakhala longoganizira. Pali funso lina limene ambiri sitilifunsa: kodi munthuyo anaona chiyani pakhomo panga chimene sanachione pakhomo loyandikana nalo? Akatswiri ofufuza za umbava ndi umbanda akhala akulimbana ndi funso lachiwirili kwa zaka zoposa 50, ndipo zimene apeza zikusonyeza kuti ambirife timadziteteza kwa mbava ya m'maganizo mwathu, pamene mbava yeniyeni ikulowa pakhomo limene tasiya pululu.

Mu 1979, Lawrence Cohen ndi Marcus Felson anafunsa chinthu chimene chinkazunguza anthu ku America. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, chuma cha dzikolo chinakwera, anthu ambiri anaphunzira, umphawi unachepa. Nanga bwanji kuba kunachuluka kwambiri m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970? Iwo anati yankho lagona pa mmene anthu ankakhalira tsiku ndi tsiku. Amayi ambiri anayamba ntchito zolembedwa, anthu okhala okha anachuluka, choncho nyumba zambiri zinkakhala zopanda munthu masana onse. Nthawi yomweyo katundu wodula anayamba kupepuka. Wailesi yakanema imene kale inkafuna amuna awiri kuti ainyamule inasanduka yoti munthu mmodzi n'kuikwapatira m'khwapa.

Anafotokoza kuti umbava uli ngati mphika wokhala pa mafuwa atatu. Payenera kupezeka munthu wofuna kuba, chinthu choti n'kubedwa, komanso pasakhale wina aliyense woona. Fuwa limodzi likachoka mphika sukhala. Kusintha mtima wa munthu wofuna kuba ndi ntchito ya zaka zambiri, yofuna makolo, sukulu, ntchito ndi makhoti. Mafuwa awiri enawo ali m'manja mwa aliyense lero lomwe. Ndipo "woona" amene ankanena si wapolisi ayi. Ndi gogo amene amakhala pakhonde masana, mayi wogulitsa zinthu pakona, woyendetsa basi amene amadutsa msewu womwewo kasanu patsiku, ngakhale mwana amene akusewera panja.

Zimene akubawo amanena okha

Richard Wright ndi Scott Decker anacheza ndi anthu 105 othyola nyumba mumzinda wa St. Louis ku America, osati ali kundende koma akadali pa "ntchito" yawoyo, ndipo anasindikiza zimene anapeza mu 1994. Chithunzi chimene chinatuluka si cha katswiri wovala zakuda amene wakonzekera miyezi itatu. Ambiri ankaba chifukwa akufuna ndalama lero, kawirikawiri za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Ambiri ankadziwa kale kena kake za nyumbayo: analowamo pogwira ntchito ina, amadziwana ndi mwini wake, kapena wina anawatsina khutu. Chimene ankachiopa kwambiri ndi kupeza munthu m'nyumba, n'chifukwa chake ankayamba agogoda, ndipo wina akatsegula ankanamizira kuti asochera. Akalowa, ankathamangira kuchipinda cha eni nyumba, chifukwa ndi kumene anthu amasunga ndalama, zibangili ndi mfuti. Sankachedwamo.

Tangoganizani munthu woteroyo akuyenda mumsewu wanu 10 koloko m'mawa. Sakuyang'ana nyumba yokongola kwambiri. Pakhomo loyamba pali zovala pachingwe, wailesi ikulira, ndipo mayi wa tsidya la msewu wakweza mutu n'kumupatsa moni. Moni ameneyo ndi woopsa kwa iye kuposa galu, chifukwa akutanthauza kuti nkhope yake yaonedwa. Pakhomo lachiwiri nyale ya panja ikuyaka dzuwa likuswa mtengo, makatani onse ndi otseka, masamba aunjikana pageti. Nyumbayo ikulengeza yokha kuti eni ake anachoka masiku apitawa. Kuseri kuli kanjira, ndipo makwerero amene anagwiritsa ntchito pokonza denga akadatsamira khoma.

Apa m'pamene nkhani ya mpanda wautali imandisowetsa mtendere. Khoma lalitali limaletsadi munthu wongodutsa, koma amene walidumpha wapeza malo ogwirira ntchito mosaonedwa ndi aliyense. Akhoza kukhala mphindi 20 akulimbana ndi chitseko, neba ali phee mbali inayo. Jane Jacobs, wolemba za moyo wa m'mizinda, analemba mu 1961 kuti chimene chimasunga bata mumsewu ndi maso a anthu okhalamo, ndipo Oscar Newman, katswiri wa mapulani a nyumba, mu 1972 anasonyeza kuti kamangidwe ka nyumba kakhoza kuwapatsa anthu masowo kapena kuwalanda. Sindikunena kuti gumulani mipanda. Koma amene akumanga watsopano aganizirepo zoti kutsogolo kukhale koonekera, ndipo kulimba kwenikweni akuike kumbuyo ndi m'mbali, kumene kulibe oona.

Pa zipangizo, ofufuza a ku England otsogoleredwa ndi Andromachi Tseloni anasanthula mayankho a mabanja ambirimbiri amene boma limawafunsa chaka ndi chaka za umbanda umene akumana nawo. Anapeza kuti zinthu zinayi zikakhala pamodzi zimateteza kwambiri: maloko a mawindo, maloko olimba a zitseko, nyale ya mkati imene imayaka yokha nthawi ikakwana, ndi nyale ya panja imene imayaka munthu akayandikira. Chodabwitsa n'chakuti alamu payokha sinaonetse phindu limene anthu amaganiza. Alamu ikalira kachitatu popanda chifukwa, maneba amasiya kudzuka. Ndipo loko wodula pachitseko chowola kapena pafelemu yofooka ndi ndalama yotaya, chifukwa wakuba salimbana ndi loko, amangoponda chitsekocho.

Mawu amodzi pa zitsulo za m'mawindo. Zimatsekera wakuba kunja, komanso zimatsekera banja mkati moto ukabuka. Chipinda chogona chikhale ndi windo limodzi limene chitsulo chake chimatseguka kuchokera mkati, ndipo kiyi wake akhale pamalo amene ngakhale mwana akhoza kumupeza mumdima ndi mu utsi.

Mvula ikakuona litsiro

Ndinaberedwapo kawiri m'nyumba imodzi, milungu isanu yokha pakati pake. Ulendo woyamba analowera pawindo la kubafa n'kutenga laputopu ndi foni. Ndinakhomerera windolo mwachisawawa, n'kudzitonthoza kuti zachitika basi, sangabwerenso poti atenga kale. Nditagula laputopu ina, katoni yake ndinaiponya panja pamodzi ndi zinyalala. Analowera pawindo lomwelo. Nthawi imeneyo ndinkati ndi tsoka, mvula yandiona litsiro. Ndinadzadziwa pambuyo pake kuti zimenezi n'zofala kwambiri moti ofufuza anazipatsa dzina.

Nyumba imene yathyoledwa kamodzi imakhala pachiopsezo chachikulu chothyoledwanso, makamaka m'milungu yoyambirira, ndipo nyumba zoyandikana nayo nazonso chiopsezo chimakwera. Chifukwa chake n'chosavuta. Wakubayo akudziwa polowera, pothawira, zimene anasiya, komanso kuti posachedwa mugula zatsopano. Nyumba za mzere umodzi zimafanana kamangidwe, ndiye akadziwa imodzi wadziwa zonse.

Ku Kirkholt, dera la nyumba za khonsolo pafupifupi 2,000 ku Rochdale m'dziko la England, gulu la wofufuza Ken Pease linagwiritsa ntchito mfundo imeneyi kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. M'malo mogawa chitetezo pang'onopang'ono kwa aliyense, anathamangira kunyumba zimene zangothyoledwa kumene. Ankakonza maloko mwamsanga, kulemba zizindikiro pa katundu, ndi kupempha maneba ochepa oyandikana kwambiri ndi nyumbayo kuti akhale tcheru. Anaonanso kuti akuba ambiri ankatsata mamita a magetsi ndi gasi oponyamo ndalama zachitsulo, amene anali ngati kabanki m'nyumba iliyonse, ndipo anawachotsa. Pa zaka zitatu kuthyola nyumba kunatsika ndi pafupifupi 75 peresenti. Palibe amene anamanga khoma.

Ndiye sabata yoyamba mutaberedwa si yongolira. Ndi nthawi yokonza polowera paja kuti pakhale polimba kuposa kale, yokanena kupolisi ngakhale mukuona ngati sizithandiza, ndi youza maneba a mbali zonse. Ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, osadziwa kuti akuwamana anzawo chenjezo panthawi imene likufunika kwambiri.

Kukanena kupolisi kuli ndi phindu lina. Umbanda sufalikira mofanana paliponse. Lawrence Sherman ndi anzake atawerenga mafoni opitirira 300,000 oitana apolisi mumzinda wa Minneapolis ku America, anapeza mu 1989 kuti theka la mafoniwo linachokera ku 3 peresenti yokha ya malo a mumzindawo. David Weisburd anapeza zofanana m'mizinda ina yambiri. Ngakhale m'dera lotchuka ndi umbava, misewu yambiri imakhala yabata, vuto limaunjikana pakona imodzi, pamalo omwera mowa amodzi, pakanjira kamodzi. Izi zikufotokoza chifukwa chimene kafukufuku wa ku Kansas City wa 1972 mpaka 1973 anakhumudwitsira ambiri. Kumeneko anachulukitsa magalimoto a polisi ongoyendayenda m'madera ena n'kuwachotsa m'madera ena, koma umbanda sunasinthe kwenikweni. Kuyendayenda chisawawa sikuthandiza. Kuima pamalo oyenera kumathandiza, ndipo apolisi sangadziwe malowo ngati oberedwa akungokhala chete.

Wina anganene kuti mukatseka apa akubawo angosamukira apo. Zimachitika, koma osati nthawi zonse. Rob Guerette ndi Kate Bowers atasanthula ntchito 102 zoterezi mu 2009, anapeza kuti umbanda unasamuka pafupifupi kamodzi pa kanayi, ndipo kamodzinso pa kanayi madera oyandikana nawo anapindula nawo ngakhale sanachitepo kanthu. Wakuba ndi munthu wa ulesi ngati tonsefe. Amaba pafupi ndi njira zimene amayenda kale.

Kudziwana ndi kulondera n'zosiyana

Magulu a maneba oyang'anirana, amene pa Chingerezi amati Neighbourhood Watch, anakhazikitsidwa ngati ndondomeko ya dziko lonse ku America mu 1972, ndipo ku Britain loyamba linayamba mu 1982 m'mudzi wa Mollington ku Cheshire. Nkhani imene inkatchulidwa kawirikawiri polimbikitsa maguluwa ndi ya Kitty Genovese, amene anaphedwa ku New York mu 1964. Nyuzipepala ya New York Times inalemba kuti anthu 38 anaonerera osachitapo kanthu. Patapita zaka zinadziwika kuti nkhaniyo anaikokomeza: oona zonse anali ochepa kwambiri, ena anayesa kuitana apolisi, ndipo mayi wina woyandikana naye anatuluka n'kumufungatira mpaka thandizo litafika.

Kodi maguluwa amathandiza? Kafukufuku wophatikiza zofufuza zambiri, wa Trevor Bennett, Katy Holloway ndi David Farrington, anapeza kuti umbanda umatsika ndi 16 mpaka 26 peresenti. Ndi phindu ndithu, koma lili ndi msampha wake. Maguluwa amayamba mosavuta kumene anthu ali ndi nyumba zawozawo, akhalitsa ndipo amadziwana, kumene umbava ndi wochepa kale. Kumene anthu amasamukasamuka ndipo sakhulupirirana, gulu limayamba ndi moto pambuyo pa kuba kwakukulu, pakatha miyezi itatu kumsonkhano kumabwera anthu anayi.

Chimene chimagwira ntchito pansi pa zonsezi anachiyeza Robert Sampson ndi anzake ku Chicago mu 1997. Anafunsa anthu oposa 8,000 m'madera 343 mafunso ooneka ngati achabechabe. Ana atathawa kusukulu n'kumangokhala pakona, maneba angachitepo kanthu? Ndewu itabuka pakhomo panu, wina angalowererepo? Kodi anthu kuno amakhulupirirana? Madera amene ambiri anayankha kuti inde anali ndi chiwawa chochepa, ngakhale poyerekeza madera osauka mofanana. Sikuti anthuwo anali mabwenzi apamtima. Ankangodziwa kuti akakuwa wina atuluka, ndipo mnzawo akapsa ndevu amuzimira.

Malo nawonso amalankhula. Ku Philadelphia ofufuza anatenga mapuloti osiyidwa, ena n'kuwachotsa zinyalala, kudzala udzu ndi mitengo ndi kuika kampanda kakafupi, ena n'kuwasiya momwemo. Zotsatira zimene anasindikiza mu 2018 zinasonyeza kuti kuomberana mfuti kunatsika ndi 29 peresenti pafupi ndi mapuloti okonzedwawo m'madera osaukitsitsa. Ku New York mu 2016 anaika nyale zowala kwambiri pa nyumba zina za boma zosankhidwa mwamaere, ndipo milandu ikuluikulu yochitika panja usiku inatsika ndi pafupifupi 36 peresenti. Gulu la m'dera limene lingakakamize khonsolo kukonza nyale zakufa ndi kutchetcha tchire la pakanjira lachita zambiri kuposa limene lagula zibonga.

Zibongazo ndi pamene zinthu zimapotoka. Ntchito ya neba ndi kuona, kukumbukira ndi kuitana. Akayamba kuthamangitsa, kufunsa mafunso ndi kuweruza, wasanduka chinthu china. Mu February 2012 ku Sanford m'chigawo cha Florida, George Zimmerman, wa gulu loyang'anira dera, anatsatira Trayvon Martin, mnyamata wa zaka 17 amene ankachokera kusitolo wopanda chida, n'kumuombera. Khoti linamupeza wosalakwa chaka chotsatira, koma mnyamatayo sanabwerere. M'maiko ambiri khamu limamenya kapena kuotcha munthu chifukwa wina wangokuwa kuti "wakuba!" Amene amagwa m'manja mwa khamu kawirikawiri ndi mlendo, wodwala misala, woledzera amene wasochera, kapena munthu amene ali pa chidani ndi wokuwayo. Magulu a pa WhatsApp awonjezera liwiro la zimenezi. Chithunzi cha munthu "wokayikitsa" chimazungulira mafoni 200 pa mphindi zochepa, ndipo palibe amene angachibweze. Lamulo labwino pagulu lotere ndi lakuti tizinena zimene munthu wachita, osati mmene akuonekera. "Akuyesa zitseko za magalimoto mmodzimmodzi" ndi uthenga. "Sindikumudziwa ndipo wavala zosalongosoka" si uthenga.

Galimoto

Mbiri ya kuba magalimoto ikusonyeza bwino mphamvu ya kutseka mpata. West Germany italamula mu 1963 kuti galimoto iliyonse, yatsopano ndi yakale yomwe, ikhale ndi loko wa chiwongolero, kuba magalimoto kunatsika kwambiri. Britain inalamula zomwezo mu 1971 koma pa magalimoto atsopano okha, ndipo akuba anangotembenukira ku akale. Kuyambira 1998 maiko a European Union analamula kuti magalimoto atsopano akhale ndi immobiliser, kachipangizo kamene kamaletsa injini kulira ngati kiyi si wake weniweni, ndipo kuba kunatsikanso. Ku America kunalibe lamulo loterolo. Magalimoto ambiri a Kia ndi Hyundai anagulitsidwa kumeneko opanda kachipangizoka, ndipo cha m'ma 2021 achinyamata a ku Milwaukee atayamba kuonetsa pa TikTok mmene angalizire magalimotowo ndi chingwe cha USB, kuba kwake kunafalikira m'mizinda yambiri ngati moto wolusa.

Akuba nawo sagona. Magalimoto otsegula popanda kulowetsa kiyi amabedwa ndi anthu awiri: wina amaima pafupi ndi khoma la nyumba ndi chipangizo chokoka uthenga wa kiyi amene ali patebulo mkati, mnzake ali pagalimoto, ndipo galimotoyo imakhulupirira kuti mwini wake wafika. Mankhwala ake ndi kusunga kiyi kutali ndi khomo, m'kachikwama kotchinga uthengawo kapena m'chitini chachitsulo chotseka bwino. Palinso ojama limoti pamalo oimika magalimoto. Inu mwatsika, foni ili kukhutu, mwadina batani mukuyenda osacheuka. Munthu wokhala m'galimoto ina wadina chipangizo chake chosokoneza uthenga wa limoti nthawi yomweyo, ndipo zitseko zanu sizinakhomeke. Mukabwerako palibe galasi losweka, laputopu yokha ndiyo palibe. Kugwira chitseko ndi dzanja musanachoke kumatenga sekondi imodzi.

Koma kuba kochuluka kwambiri n'kwa zinthu za m'galimoto, ndipo chifukwa chake n'chimene chaoneka pagalasi. Chikwama chopanda kanthu chimaswetsa galasi mofanana ndi chodzaza. Ngati mukuika katundu m'buti, ikani musananyamuke, osati mutafika pamalo amene anthu akukuonani. Ndipo ngati munthu wa mfuti wakuimitsani pageti, mpatseni galimotoyo. Manja aoneke, muuzeni kuti mukumasula lamba, ndipo ngati muli ana kumbuyo nenani mokweza kuti mukutulutsa ana.

Ana: pamene mantha athu amaphonya kwambiri

Kholo lililonse limauza mwana kuti asalankhule ndi anthu osawadziwa. Mantha a mlendo woba ana ndi akulu, ndipo nkhani zake zimagwedeza dziko, monga ya Amber Hagerman, mtsikana wa zaka 9 amene anabedwa n'kuphedwa ku Arlington, Texas, mu 1996, amene dzina lake linaperekedwa ku ndondomeko yolengeza mwamsanga za mwana wobedwa yotchedwa AMBER Alert. Komabe m'dziko lonse la America, la anthu oposa 300 miliyoni, kafukufuku wa boma anapeza kuti kuba ana kwa mtundu umenewu kumachitika pafupifupi ka 100 pachaka. Pamene bungwe la World Health Organization likuyerekeza kuti ana ofika 1 biliyoni a zaka 2 mpaka 17 amachitiridwa nkhanza za mtundu wina chaka chilichonse. Ochita nkhanzazo ambiri si alendo. Pa ana ogwiriridwa, pafupifupi 9 mwa 10 alionse amamudziwa wowachita chipongweyo: wachibale, bwenzi la banja, mphunzitsi, mtsogoleri wa chipembedzo, mwana mnzawo wokulirapo.

Munthu wotere safika ndi mpeni. Amayamba ndi kukopa makolo. Ndi wothandiza, wokonda ana, amene amadzipereka kukatenga mwana kusukulu. Kenako amasankha mwana mmodzi, kawirikawiri wosungulumwa kapena amene kwawo kuli mikangano, n'kumamupatsa timphatso. Amayesa madzi ndi kachinsinsi kakang'ono: "Usawauze amayi kuti ndakugulira izi." Mwana akasunga chimenecho, chinsinsi chachiwiri chimakhala chokulirapo. Pofika pochita zoipazo, mwanayo amadziona ngati nayenso ndi wolakwa, ndipo amauzidwa kuti akaulula palibe amene angamukhulupirire, kapena banja litha chifukwa cha iye.

Mafuwa atatu aja akugwiranso ntchito pano. Chimene munthuyu akufuna ndi nthawi yokhala yekha ndi mwana popanda woona. N'chifukwa chake sukulu ndi magulu a ana osamala amakhala ndi lamulo lakuti wamkulu asatsekerane m'chipinda ndi mwana mmodzi, ndipo lamulolo limagwira aliyense, wolemekezeka ndi wosalemekezeka yemwe. Lamulo logwira aliyense silinyoza munthu. Amene akukwiya nalo kwambiri ndi woyenera kumuyang'anitsitsa.

Chovuta n'chakuti timaphunzitsa ana kumvera akulu popanda kufunsa, kenako n'kudabwa kuti sanakane. Mwana akhoza kukhala waulemu koma akudziwa kuti malo obisika a thupi lake ndi ake, kuti angathe kukana kugwidwa ngakhale ndi wachibale, ndi kuti wamkulu amene akumuuza kuti abise kanthu kwa makolo ake walakwa. Adziwe maina enieni a ziwalo zake. Ambiri zimatichititsa manyazi, koma mwana amene alibe mawu sangafotokoze, ndipo akanena mophiphiritsa wamkulu akhoza osamva. Akhalenso ndi akulu atatu kapena anayi amene angawauze zakukhosi, ena a kunja kwa nyumba, chifukwa nthawi zina vuto lili m'nyumba momwemo.

Lamulo lakuti "usalankhule ndi osawadziwa" lili ndi vuto linanso. Mwana akasochera pamalo odzaza anthu, amene angamuthandize ndi osawadziwa omwewo. Ndi bwino kumuphunzitsa woti amufikire: wogwira ntchito pamalopo, wapolisi, kapena mayi amene ali ndi ana. Aloweze pamtima nambala ya foni ya kholo. Ndipo adziwe kuti wamkulu wabwinobwino sapempha thandizo kwa mwana, monga kumuperekeza kukafuna kagalu kotayika.

Foni yabweretsa mlendo uja m'chipinda chogona. Njira yofala tsopano ndi yakuti munthu amanamizira kukhala mtsikana kapena mnyamata wa msinkhu womwewo pa Instagram, Snapchat kapena m'magemu a pa intaneti, amanyengerera mwana kutumiza chithunzi ali maliseche, kenako amaopseza kuti achitumiza kwa anzake onse akapanda kulipira. Anyamata achisodzera ndi amene akugwa kwambiri mumsampha wofuna ndalamawu, ndipo ena adzipha patangopita maola ochepa. Kholo limene mwana akudziwa kuti lidzalanda foni ndi kukalipa silidzauzidwa. Muuzeni zisanachitike kuti zikadzachitika asalipire, asafufute mauthengawo, abwere kwa inu, ndipo simudzamukalipira.

Tisaiwalenso kuti zimene zimapha ana ambiri si zigawenga. Malinga ndi World Health Organization, ngozi za pamsewu ndizo zikutsogola kupha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Kumira m'madzi kumatenga ana aang'ono mwakachetechete, ngakhale m'ndowa. Galimoto yotsekedwa padzuwa imatentha ndi madigiri oposa 10 pa mphindi 10 zokha, ndipo thupi la khanda limatentha msanga kuposa la wamkulu. Ambiri mwa makolo amene anaiwala mwana kumpando wakumbuyo anali anthu osamala amene tsiku limenelo ndondomeko yawo inasintha. Kuika foni kapena chikwama pafupi ndi mpando wa mwana kumakakamiza munthu kutsegula chitseko chakumbuyo.

Tsiku limene mwana adzayambe kuulula, sadzayamba ndi nkhani yonse. Mwina mudzakhala mukutsuka mbale, iye n'kunena chapansipansi kuti, "Amayi, sindikufunanso kupita kwa amalume." Apo n'pamene pagona nkhani. Mukayankha kuti "Usachite mwano, amalume ako amakukonda," chitseko chatsekeka, mwina kwa zaka 20. Mukalusa n'kuyamba kukuwa kuti mukapha munthu, mwanayo achita mantha n'kubweza mawu. Pukutani m'manja, khalani pansi, funsani kuti, "Tandiuza, chinachitika n'chiyani?" Musamuikire mawu m'kamwa. Muuzeni kuti mwamukhulupirira, kuti wachita bwino kunena, ndi kuti iye sanalakwe. Musamulonjeze kuti simuuza aliyense, chifukwa muyenera kuuza apolisi kapena oona za chitetezo cha ana, ngakhale achibale atakuchondererani kuti nkhaniyi ithere m'banja. Ngati wagwiriridwa posachedwa, musamusambitse kapena kuchapa zovala zake, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo: mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72.